Amalume akuti acid jazz si jazz: ndiwayankhe chiyani?

FUNSO: Akatswiri, ndithandizeni kuthetsa mkangano wa pakhomo. Ine ndimakonda Incognito, Jamiroquai ndi Brand New Heavies, ndipo ndinamva kuti nyimbo zawo zimatchedwa acid jazz. Amalume anga, amene ali ndi katoni yodzaza zimbale za Miles Davis ndi John Coltrane, akuti zimenezi si jazz ngakhale pang'ono, ndi disco yovala jekete basi. Akutinso zinatchuka chifukwa n'zopepuka, zosavutitsa mutu. Kodi acid jazz n'chiyani kwenikweni, pali ubale wanji ndi jazz ya amalume, ndipo n'chifukwa chiyani inafika pa wayilesi ndi pa TV pamene jazz inayo imamvedwa ndi anthu owerengeka?

YANKHO: Achimwene, musafulumire kuwatsutsa amalume anu, chifukwa theka la zimene akunenazo n'zoona. Mutandipanikiza kuti ndiyankhe ndi liwu limodzi ngati Jamiroquai amayimba jazz, ndinganene kuti ayi. Koma pali pamene amalumewo akuphonya. Iwo akuyankhula ngati jazz inabadwa ili nyimbo yomvera munthu atakhala pampando, dzanja lili pachibwano, ndipo mbiri sikuwavomereza pamenepo. Tiyambe ndi dzinalo, poti ndi limene lakuyambanitsani.

Dzina loti acid jazz linayamba ngati nthabwala. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, achinyamata a ku London anapenga ndi chamba chatsopano chochokera ku Chicago chotchedwa acid house, nyimbo za makina okhaokha, zokhala ndi kamawu kolira ngati chule wa kudambo kochokera mu kachipangizo ka Roland TB-303. (Ndikati chamba ndikunena mtundu wa nyimbo, ngakhale kuti m'malo ovinira a nthawi imeneyo zozunguza bongo sizinkasowa.) Panali ma DJ ena okonda mbale zakale za jazz, funk, soul ndi za ku Brazil, ndipo ankaona anthu awo akukokoloka kupita ku acid house. Mmodzi mwa iwo anali Gilles Peterson. Monga amasimbira mwini wake, usiku wina ku Brentford, kumadzulo kwa London, iye ndi mnzake Chris Bangs anapatsidwa mpata woika nyimbo holo itatenthedwa kale ndi acid house. Peterson anaika kambale kakale ka gulu la funk la ku Texas, Mickey and the Soul Generation, n'kumaseweretsa liwiro la makina oyimbira mbale kuti gitala wa koyambirira azimveka mokhotakhota. Bangs anatenga maikolofoni n'kulengeza kuti ngati zija zinali acid house, izi ndiye acid jazz. Nthabwala inatha usiku womwewo, koma dzina linakanirira.

Ndiye mbale yoyamba kutchedwa acid jazz sinali ya jazz n'komwe, ndipo amene anatcha dzinalo anali oika mbale, osati oyimba. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Bebop, hard bop, free jazz, mitundu yonseyi ya jazz inayamba ndi oyimba amene anapeza njira yatsopano yogwirira zida zawo. Acid jazz inayamba ndi anthu amene anapeza njira yatsopano yomvera mbale zakale. Magulu oyimba anabwera pambuyo, kudzayimba pa siteji zimene ma DJ anali atazisankha kale m'makatoni.

Mwambo womvera mwa njira imeneyi unalipo dzinalo lisanabwere. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, DJ wina dzina lake Paul Murphy ankaika mbale za jazz zothamanga kwambiri m'chipinda cha pamwamba pa Electric Ballroom ku Camden, dera la ku London. Anyamata, ambiri mwa iwo ana a mabanja ochokera ku Caribbean ndi ku Africa, ankapikisana kuvina: miyendo ngati ya nkhanga yothawa galu, kuzungulira, kugwa pansi n'kudzuka nyimbo isanawasiye. Ankavina nyimbo za Art Blakey, katswiri wa ng'oma za jazz wa ku America. Ankavina mbale za Latin jazz zimene anthu a ku New York anali ataziiwala. Gulu lina la ovinawa, IDJ, linafika mpaka povina pa siteji Blakey mwiniwake akumenya ng'oma. Murphy atachoka, Peterson ndiye anatenga malo ake. Mbali ina ya mzindawo kunali Norman Jay, amene pa wayilesi ya Kiss FM, nthawi imeneyo ikuulutsa mawu popanda chiphaso, ankafukula mbale za funk ndi soul za m'ma 1970 zimene sizinagulidwe zitangotuluka. Zimenezi ankazitcha rare groove. Mitsinje iwiriyi inakumana ku Dingwalls, ku Camden komweko, kumene Peterson ndi Patrick Forge ankaika nyimbo Lamlungu masana. Kumeneko mbale ya jazz ya Pharoah Sanders inkatsatana ndi samba, samba n'kutsatana ndi hip hop ya ku New York, kenako gulu lamoyo n'kukwera pa siteji.

Pofika 1988, Peterson ndi Eddie Piller anali atatsegula kampani yojambula nyimbo ya Acid Jazz Records, ndipo mbale yawo yoyamba inali ya Galliano. Chaka chomwecho Paul Bradshaw anayambitsa magazini ya Straight No Chaser, imene inatenga dzina ku nyimbo ya Thelonious Monk. Mu 1990 Peterson anayambitsa kampani ina, Talkin' Loud, pansi pa Phonogram, ndipo kumeneko kunapita Galliano, Young Disciples, Omar ndi Incognito wanuyo. Piller anatsala ndi Acid Jazz Records. Incognito, mwa njira ina, ndi wamkulu kuposa dzina limene amamutchula nalo: Jean-Paul Maunick, wodziwika kuti Bluey, wobadwira ku Mauritius, anatulutsa chimbale choyamba cha gululi mu 1981, ndipo dzina la chimbalecho linali Jazz Funk. Munthuyo anali atanena kale chimene amayimba. Dzina latsopano linangomupeza panjira.

Tsopano tilowe m'kati mwa nyimbomo, chifukwa mkangano wa mayina suthera pa mayina.

Mu jazz ya amalume anu muli zinthu zitatu zimene khutu limagwira. Choyamba ndi kayendedwe kamene amati swing. Woyimba besi amayenda phazi ndi phazi, manoti anayi pa bala iliyonse (bala ndi kachigawo ka nyimbo ka kugunda kunayi), osabwereza njira imodzimodzi, pamene wa ng'oma akugogoda chitsulo chozungulira chija chotchedwa ride mwa kachitidwe kotsimphina pang'ono, kutalikitsa kugunda koyamba n'kufupikitsa kwachiwiri. Chachiwiri ndi kamangidwe. Gulu limayimba mutu wa nyimbo kamodzi kapena kawiri, nthawi zambiri wa mabala 12 ngati ndi blues kapena 32 ngati ndi nyimbo ya mtundu wina, ndiye mutuwo amausiya, koma makodi ake, kutanthauza magulu a manoti olira pamodzi, amapitiriza kuzungulira pansi. Pamwamba pa makodiwo aliyense amapeka zake pomwepo, wa lipenga, wa saxophone, wa piyano, mosinthana, mpaka mutu utabwereranso kumapeto. Mutu ungatenge mphindi imodzi mwa mphindi khumi. Zotsalazo ndi zopeka. Chachitatu, chimene kwa ine chimaposa zonse, ndi kuyankhana. Wa saxophone akakweza mawu, wa ng'oma amamuyankha nthawi yomweyo. Wa piyano akamva mnzake walowera kwina, amasintha makodi kumutsatira kapena kumutsekereza dala. Zili ngati mbalule ndi wovina pabwalo: ng'oma imayang'ana miyendo, miyendo imamvera ng'oma, ndipo palibe amene anadziwiratu dzulo kuti lero zigwirizana pati.

Mu acid jazz yambiri, swing mulibe. Kugunda kwake n'kwa funk: kowongoka, kogawidwa mofanana, ng'oma ya snare ikutera pa 2 ndi pa 4. Besi sayenda, amagwira kachidutswa kamodzi kokoma n'kumakabwereza. Makodi amakhala awiri kapena anayi ozungulira, koma ndi makodi onona, a manoti ambiri, oyimbidwa pa piyano ya magetsi ya Fender Rhodes kapena pa ogani ya Hammond, ndipo makodi amenewa ndiwo amapereka fungo la jazz. Pamwamba pamakhala woyimba ndi mawu, wa soul kapena wa rap, ndipo nyimbo imamangidwa ndi ndime ndi kolasi. Wa lipenga akapatsidwa mpata wopeka, ndi mabala 8 kapena 16, kenako kolasi yabwerera. Mu jazz, zopeka ndiye nsima, mutu wa nyimbo ndi kandiwo kopititsira. Mu acid jazz yambiri zinatembenuka.

Koma musalole amalume akuuzeni kuti kuchepa kwa makodi ndiye umboni. M'katoni mwawomo muli Kind of Blue ya Miles Davis, ya 1959, ndipo nyimbo yotsegulira chimbalecho, So What, ili ndi makodi awiri okha. Ronny Jordan, woyimba gitala wa ku London, anaitenga nyimbo yomweyo mu 1992 n'kuiika pa kugunda kwa hip hop, ndipo inalowa m'ndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Makodi ndi omwewo. Chimene chinasintha ndi zimene zikuchitika pansi pa wopekayo.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi ichi. Mu 1964 Herbie Hancock anajambula Cantaloupe Island ku kampani ya Blue Note, ali ndi Freddie Hubbard, Ron Carter pa besi, ndi Tony Williams pa ng'oma, mnyamata wa zaka 18. Nyimboyi ili ndi makodi atatu, mabala 16, ndipo piyano imabwereza kachidutswa kamodzi. Inali kale theka funk. Patapita zaka pafupifupi 30, Geoff Wilkinson ndi Mel Simpson a ku London, amene ankadzitcha Us3, anadula kachidutswa ka piyanoko, n'kukaika m'makina kuti kazizungulira, n'kuwonjezera ng'oma, rap, ndi lipenga lamoyo la Gerard Presencer. Inatuluka Cantaloop. Mukamvera ziwirizi motsatizana, mudzamva kuti Presencer akupekadi, ndipo akupeka bwino. Koma piyano ili pansi pakeyo singamuyankhe. Inajambulidwa iye asanabadwe. Akweze mawu, atsitse, alire, piyanoyo ibwereza zomwezo. Pa mbale ya 1964, Hubbard akasuntha, Williams amasuntha naye. Kusiyana kumene amalume anu akukumva, ngakhale sanakutchule dzina, n'kumeneku, ndipo n'kwenikweni.

Si onse amene ankadalira makina. James Taylor Quartet, imene mbale yake yoyamba mu 1987 inali nyimbo ya Hancock yemweyo, ndi gulu la ogani ya Hammond loyimba zamoyo, ndipo pa siteji limapeka kwa nthawi yaitali. Brand New Heavies, anyamata a ku Ealing, ankayimba zida zenizeni pa nthawi imene anzawo onse ankagula makina a ng'oma. Ku New York kunali Groove Collective, yotuluka m'madansi a Giant Step, ndipo ambiri mwa iwo anali oyimba jazz ophunzira bwino. Ku Tokyo kunali United Future Organization, amene anali ma DJ. Dzina limodzi linaphimba onsewa, oyimba ndi odula mbale, n'chifukwa chake funso loti acid jazz ndi jazz kapena ayi silingayankhidwe kamodzi. Muyenera kufunsa gulu ndi gulu, nthawi zina nyimbo ndi nyimbo.

Ife kuno tisadabwe ndi kutanuka kwa liwu loti jazz. Franco wa ku Congo anatcha gulu lake OK Jazz mu 1956, Joseph Kabasele anatcha lake African Jazz, ndipo onsewa ankayimba rumba. Kwathu kuno magulu a banjo ndi ng'oma zopanga okha ankadzitcha jazz band popanda wowaimba mlandu. Liwuli lakhala likubwerekedwa ndi aliyense wofuna kunena kuti nyimbo zake n'zamakono, za m'tauni, zovinika.

Nanga ubale uli pati? Acid jazz si mwana wa Coltrane kapena wa Charlie Parker. Ndi mdzukulu wa nthambi ina ya banja lomwelo, nthambi imene olemba za jazz ankaiyang'ana ndi diso la kumbali. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, m'mabala a anthu akuda ku Philadelphia, Newark ndi Harlem munkalira ogani ya Jimmy Smith ndi Jack McDuff, gitala wa Grant Green, saxophone ya Lou Donaldson. Iyi inkatchedwa soul jazz: blues yambiri, kafungo ka nyimbo za kutchalitchi, ndi kugunda koti munthu wochokera kuntchito avine. Mu 1964 Lee Morgan anatulutsa The Sidewinder, chimbale cha Blue Note chimene chinagulidwa modabwitsa eni kampani. Mu 1973 Hancock anatulutsa Head Hunters, ndipo Donald Byrd, mothandizana ndi abale a Mizell, anatulutsa Black Byrd, chimene chinaposa zimbale zonse zimene Blue Note inali itagulitsapo kufika nthawi imeneyo. Roy Ayers ndi Lonnie Liston Smith anatsata njira yomweyo. Byrd ameneyu anayimbapo lipenga m'gulu la Art Blakey, anajambulapo ndi Coltrane, ndipo ndi amene anamukokera Hancock ku New York ali mnyamata. Palibe angamunene kuti sankadziwa jazz. Koma Black Byrd itatuluka, olemba za jazz anamunena kuti wadzigulitsa. Mawu a amalume anu a disco yovala jekete anayamba kunenedwa kwa Donald Byrd, Jay Kay wa Jamiroquai asanayambe sukulu.

Umboni woseketsa wa ubalewu unabwera m'zaka za m'ma 1990, pamene kampani ya Prestige inatulutsanso mbale zake zakale za soul jazz pansi pa dzina loti Legends of Acid Jazz. Anthu ngati Melvin Sparks, Boogaloo Joe Jones ndi Rusty Bryant, amene anajambula nyimbo zawo cha m'ma 1970, anadzuka tsiku lina n'kupeza kuti ndi makolo a chamba chimene kunalibe pamene ankajambula.

Tibwere ku nkhani ya kutchuka. Amalume akuti acid jazz inatchuka chifukwa ndi yopepuka. Mbali ina n'zoona: nyimbo ya mphindi zinayi, yokhala ndi kolasi yoti munthu aziyimba akutsuka mbale, ndi kugunda koti avine, idzalowa pa wayilesi msanga kuposa mphindi 13 za saxophone. Koma jazz yeniyeniyo inakhalapo nyimbo ya aliyense. Kuyambira cha m'ma 1935 mpaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, swing ndiyo inali nyimbo ya achinyamata ku America. Benny Goodman, Count Basie, Duke Ellington ndi Chick Webb ankayimbira anthu ovina, ndipo ku Savoy Ballroom ku Harlem anthu ankapitira kukatuluka thukuta. Zinthu zingapo zinathetsa nyengo imeneyo. Nkhondo inatenga oyimba ambiri, ndipo kuyendetsa gulu la anthu 16 kunakwera mtengo. Mu 1944 boma la America linaika msonkho wa 30 peresenti, umene posakhalitsa unatsitsidwa kufika pa 20, pa malo achisangalalo amene munali kuvina kapena kuyimba ndi mawu. Malo oyimba zida zokha, anthu atakhala pansi, sankalipira msonkhowo. Nthawi yomweyo Parker ndi Dizzy Gillespie anali akupanga bebop, yothamanga ndi yopotana, yofuna khutu lonse. Ovina anasamukira ku rhythm and blues, kenako rock and roll, kenako soul. Jazz inapeza ulemu wa m'maholo akuluakulu ndi m'mayunivesite, n'kutaya bwalo lovinira.

Ndiye zimene anyamata a ku Camden ankachita sizinali kuipitsa chinthu chopatulika. Ankabwezera jazz ku miyendo kumene inachokera. M'zaka zomwezo ku New York, Wynton Marsalis ndi mnzake wolemba nkhani Stanley Crouch ankalimbikira kuti jazz yeniyeni iyenera kukhala ndi swing ndi blues, ndipo zamagetsi za m'ma 1970 zinali kusochera. Chosangalatsa n'chakuti mkangano wanuwu unalowa m'nyumba ya a Marsalis momwemo: mkulu wake wa Wynton, Branford, anayimba saxophone pa chimbale cha Jazzmatazz cha Guru, woyimba rap, mu 1993, pamodzi ndi Donald Byrd ndi Roy Ayers, ndipo chaka chotsatira anatulutsa chimbale cha gulu lake losakaniza jazz ndi hip hop, Buckshot LeFonque. Miles Davis amene amalume amamulemekezayo, chimbale chake chomaliza cha mu situdiyo, Doo-Bop, anachipanga ndi Easy Mo Bee wa hip hop, ndipo chinatuluka mu 1992, iye atamwalira chaka cha 1991. Sindikunena kuti ndi chimbale chake chabwino. Sichili pafupi n'komwe. Koma chikusonyeza kumene maso ake ankayang'ana.

Pali chinthu chimodzi chimene ndiyenera kuwavomereza amalume, ndipo inu chikuwawani pang'ono. Gulu lililonse la acid jazz likamakwera m'ndandanda wa zogulidwa, jazz inkachepa m'nyimbo zake. Nyimbo imene inakweza Incognito mu 1991, Always There, inali ndi mawu amphamvu a Jocelyn Brown ndipo inkamveka bwino m'madansi a house. Brand New Heavies anafika pachimake mu 1994 ndi chimbale cha Brother Sister, N'Dea Davenport akutsogolera, ndipo chimenecho ndi soul ndi funk yoyera bwino. Jamiroquai anatulutsa nyimbo imodzi yokha ku Acid Jazz Records mu 1992, kenako Sony inamutenga pa mgwirizano wa zimbale zisanu ndi zitatu. Chimbale choyamba, cha 1993, chinafika pa nambala 1 ku Britain, ndipo mmenemo munali nyimbo zazitali, malipenga opeka, ngakhale didgeridoo ya ku Australia. Pofika Travelling Without Moving mu 1996, chimene chinagulidwa makope oposa 8 miliyoni, zinali funk ndi disco, ndipo chimene chinamutsegulira America chinali kanema wa Virtual Insanity, uja wa pansi poyenda pokha, amene anapambana mphoto yaikulu ya MTV mu 1997. Buku la Guinness linachilemba chimbalechi ngati chimbale cha funk chogulidwa kwambiri. Funk, osati jazz. Ngati amalume akunena za Jamiroquai wa nthawi imeneyo, jekete lija akulionadi.

Us3 ndi amene anatchuka atanyamula jazz poonekera. Blue Note, m'malo mowasumira chifukwa chodula mbale zake popanda chilolezo, inawalemba ntchito n'kuwatsegulira nkhokwe yonse. Cantaloop inalowa m'gulu la nyimbo khumi zapamwamba ku America mu 1994, ndipo chimbale chawo, Hand on the Torch, chinakhala choyamba m'mbiri ya Blue Note kugulidwa makope 1 miliyoni m'dzikomo. Taganizani: kampani imene inayamba mu 1939, imene inajambula Monk, Blakey, Horace Silver ndi Blue Train ya Coltrane, inadikira anyamata awiri a ku London okhala ndi makina odulira mawu kuti ifike pamenepo. Kwa wokonda jazz, nkhani imeneyi imaseketsa ndi kupweteka nthawi imodzi.

Koma ndalama ndi chidwi zimenezo zinabwerera kwa eni ake, ndipo apa ndi pamene ine ndimaiikira kumbuyo acid jazz ndi mtima wonse. Makampani anayamba kutulutsanso mbale zimene zinali zitasowa m'masitolo kwa zaka 20. Achinyamata amene anamva kachidutswa ka Grant Green m'nyimbo ya Us3 anapita kukafuna Grant Green weniweni. Roy Ayers anapeza khamu latsopano ku London lomudikira chaka ndi chaka. Nkhani imene imandigwira mtima ndi ya Terry Callier wa ku Chicago, woyimba wosakaniza folk, soul ndi jazz. Iye anasiya nyimbo mu 1983 kuti alere mwana wake wamkazi, n'kuphunzira ntchito ya makompyuta, n'kumagwira ku University of Chicago. Sankadziwa kuti kutsidya la nyanja anthu akuvina kambale kake kamene kwawo sikanapite patali. Eddie Piller anamufunafuna mpaka kumupeza, anatulutsanso kambaleko, ndipo Callier anayamba kupita ku Britain kukayimba pa nthawi ya tchuthi cha kuntchito. Mu 1998 anatulutsa chimbale chatsopano, TimePeace, ku Talkin' Loud. Popanda ma DJ a ku Camden aja, munthu ameneyu akanapuma pantchito ali wa makompyuta.

Dzinalo linafa msanga. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 linali litamatidwa pa zimbale zosonkhanitsa zambirimbiri, nyimbo zoziziritsa m'malesitilanti ndi m'masitolo a zovala, ndipo amene analiyambitsa anayamba kulithawa. Omvera anagawikana: ena ku trip hop, ena ku drum and bass, ena ku neo soul. Talkin' Loud yomwe ija inapambana Mercury, mphoto ya chimbale chabwino koposa cha chaka ku Britain, mu 1997 ndi Roni Size, wa drum and bass wa ku Bristol. Peterson anapita ku BBC Radio 1 mu 1998, kenako anatsegula kampani ya Brownswood, imene mu 2018 inatulutsa We Out Here, chimbale chosonkhanitsa oyimba achinyamata a ku London monga Nubya Garcia, Moses Boyd, Kokoroko ndi Ezra Collective, motsogozedwa ndi Shabaka Hutchings. Ambiri mwa anawa anadutsa m'manja mwa Tomorrow's Warriors, bungwe lophunzitsa jazz limene Gary Crosby ndi Janine Irons anayambitsa mu 1991. Amadziwa swing, amadziwa kupeka kwa mphindi khumi, amayankhana ngati a m'katoni ya amalume, koma amayimbira anthu oimirira, pa kugunda kwa afrobeat ndi kwa ku Caribbean. Mu 2023 Ezra Collective anakhala gulu loyamba la jazz kupambana mphoto ya Mercury. Kwa ine, zimene acid jazz inalonjeza koma osakwanitsa, zoti kupeka kwenikweni ndi kuvina zikhale m'chipinda chimodzi, akuzikwanitsa ndi awa.

Loweruka likubwerali pitani kwa amalume, koma Jamiroquai mumusiye kunyumba, chifukwa mukayamba ndi ameneyo mlandu mwaluza musanakhale pansi. Apempheni aike Cantaloupe Island, ndipo inu muike Cantaloop pambuyo pake. Avomerezeni kuti piyano yachiwiriyo siyankha. Kenako afunseni ngati m'katonimo muli The Sidewinder kapena chimbale chilichonse cha Jimmy Smith. Ngati chilimo, chiikeni, ndipo nyimbo ikafika pakati muyang'ane phazi lawo.